Kusankha Zovala za Mvula Poyenda pa Njinga Yamoto

Chaka chilichonse tikamayendera amene anaphunzira pano m'midzi yawo, timapeza kuti eni njinga zamoto akuchuluka. Ena anagula atagulitsa soya kapena mtedza, ena anapatsidwa ndi mabungwe amene akuwagwirira ntchito ya ulangizi, ndipo ena amanyamula anthu ndi katundu kuti apeze ndalama ya feteleza. Tikuyamika Mulungu poona zimenezi, pakuti njinga yamoto yafupikitsa mtunda wa pakati pa dimba ndi msika. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Miyezi imene mlimi amayenda kwambiri, kukatenga mbewu, kukafuna mankhwala a ziweto, kukagulitsa ndiwo zamasamba ku Chipata, ku Katete kapena ku Petauke, ndi yomweyo imene mvula imagwa, kuyambira mu Novembala kufikira mu Epulo.

Dzinja lathali mmodzi wa ophunzira athu akale ananyamuka m'mamawa ndi mabokosi awiri a matimati kupita kumsika. Anavala jekete la thonje, ndipo pamwamba pake anavala thumba la feteleza limene analiboola pamutu ndi m'manja. Mvumbi unamupeza atayenda theka la njira. Potsikira ku mlatho wina, ng'ombe zinatulukira mumsewu, iye nagwa, nathyoka fupa la paphewa. Anakhala milungu 6 mkono uli m'khosi, nthawi yeniyeni ya kupalira ndi kuthira feteleza wachiwiri. Titapita kukamuona anatiuza kuti, "Aphunzitsi, ng'ombezo ndinaziona zili patali ndithu, koma dzanja linakana kugwira buleki." Mawu amenewa ndiwo atichititsa kulemba nkhani ino. Chovala cha mvula pa njinga yamoto ndi chida cha ntchito monga khasu ndi pulawo, ndipo chiyenera kusankhidwa poyang'ana ntchito imene chikagwire.

Chimene madzi amachita m'thupi la woyendetsa

Thupi la munthu limagwira bwino ntchito likakhala pa madigiri 37. Likatsika kupyola pa madigiri 35, munthu amayamba kunjenjemera kosaleka, maganizo amachedwa, ndipo manja samveranso mwini wake. Ambiri amayesa kuti zimenezi zimachitika m'maiko ozizira okha, koma zimachitikanso kwathu kuno. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira pafupifupi maulendo 25 kuposa mpweya. Tsono munthu wonyowa akakhala pa njinga imene ikuthamanga, mphepo imauma madzi a pa zovala zake, ndipo kuumako kumatenganso kutentha kwina. Ndi nzeru yomwe ija timagwiritsa ntchito pozizitsa masamba ndi chiguduli chonyowa popita kumsika. Chimene chimasunga repu kuti asafote ndicho chimaumitsa zala za woyendetsa.

Thupi likaona kuti likuzizira, limachepetsa magazi opita kumanja ndi kumapazi kuti litenthetse mtima ndi za m'kati. Pa njinga yamoto, manja ndi mapazi omwewo ndiwo amagwira buleki, kilachi ndi magiya. Njinga yoyenda makilomita 60 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Dzanja likachedwa ndi sekondi imodzi yokha, mamita 17 apita, ndipo pa mtunda umenewo pakhoza kukhala mwana, mbuzi, ngolo kapena dzenje.

Mitundu ya nsalu

Nsalu zotchinga madzi zimene timaziona m'masitolo ndi m'misika zili m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi la pulasitiki wokhuthala wotchedwa PVC, uja wa marenikoti achikasu amene amavala anthu a m'migodi ndi okonza misewu. Madzi sapyola konse, mtengo wake ndi wotsikirapo, ndipo akang'ambika amamatika ndi chigamba. Kuipa kwake n'kwakuti ndi wolemera ndipo satulutsa thukuta, kotero kuti munthu akakankha njinga m'matope kwa kanthawi amanyowa m'kati ngati kuti mvula yalowa.

Gulu lachiwiri ndi la nayiloni kapena poliyesita yopakidwa utomoni woonda kumbali ya m'kati. Ndi yopepuka, imapindika kukhala kaphukusi kokwana pansi pa mpando kapena m'chikwama, ndipo ndiyo imayenera alimi ambiri. Koma utomoniwo umakalamba. Ukayamba kusendeka ngati khungu la njoka kapena kunanda m'manja, chovalacho chatha ntchito ngakhale kunja kwake kukuoneka kwatsopano.

Gulu lachitatu ndi la nsalu zokhala ndi kachikopa koonda m'kati, kodzaza ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Timabowoto n'tating'ono kwambiri moti dontho la madzi silingapyole, koma nthunzi ya thukuta imatuluka. Yodziwika kwambiri ndi Gore-Tex. Zovala zimenezi n'zokwera mtengo zikakhala zatsopano, koma nthawi zina zimapezeka pa salaula.

Pa kapepala ka chovala mukhoza kupeza nambala monga 5,000 mm kapena 10,000 mm. Musaisokoneze ndi mamilimita a mvula amene timayeza pa munda wathu wophunzirira, monga tikamanena kuti madera a kumtunda a chigawo chino cha kum'mawa amalandira mamilimita 800 mpaka 1,000 pa chaka. Nambala ya pa chovala imanena za mphamvu ya nsalu. Oyesa amatenga nsaluyo, naiika kunsi kwa paipi yoimirira, n'kumathira madzi kufikira atayamba kudontha. Nsalu ya 10,000 mm imapirira madzi otalika mamita 10. Woyenda pansi akhoza kukhutira ndi nambala yaing'ono, koma wa pa njinga amakumana ndi mvula imene mphepo ikuikankhira pachifuwa, ndiponso amakhalira madzi a pa mpando ndi kulemera kwa thupi lake lonse. N'chifukwa chake tikulangiza kuti pamene nambala yalembedwa, musankhe ya 10,000 mm kapena kupitirira ngati thumba likulola.

Pali mawu enanso ofunika kuwasiyanitsa pa kapepala. Chovala cholembedwa kuti waterproof ndicho chotchinga madzi. Cholembedwa kuti water resistant kapena showerproof chimangopirira mawawa a mphindi zochepa, ndipo pa njinga sichithandiza.

Madzi amalowera polumikizira

Amene munafolerapo nkhokwe kapena khola mukudziwa kuti denga silidontha pakati pa lata. Limadontha pa msomali ndi pamene malata akumana. Chovala cha mvula n'chimodzimodzi. Paliponse pamene singano yadutsa pali bowo. Choncho musanafunse mtengo, tembenuzani chovalacho muone m'kati. Msoko uliwonse uyenera kukhala womatidwa ndi kalamba koonda ka pulasitiki, kapena wowotcherera popanda ulusi monga amachitira ndi PVC. Mukaona ulusi uli poyera m'kati, chisiyeni.

Msoko umene umayamba kudontha pa njinga ndi wa pakati pa miyendo ya buluku. Madzi onse otsika pachifuwa ndi pa thanki amasonkhana pamenepo, ndipo woyendetsa amawakhalira. Yang'anani msoko umenewu kawiri. Buluku labwino la mvula lilibe zipi kutsogolo ndipo lilibe matumba oboola m'mbali, pakuti zonsezi ndi zipata za madzi.

Zipi ya jekete ikhale ndi chophimba chake cha nsalu, chotsekedwa ndi mabatani kapena zomatira, ndipo ndi bwino koposa zophimbazo zikakhala ziwiri zopitana. Khosi la jekete likhale lalitali lofika pansi pa chibwano, kuti madzi otsika pa chisoti asalowere kumsana. Kumapeto kwa manja ndi kwa miyendo kukhale lasitiki kapena kalamba komangira. Matumba a kunja akhale ndi zivindikiro zogwera pansi. Ngakhale zili choncho, foni, laisensi, mapepala a njinga ndi makadi a zaulimi muziziika m'kathumba ka pulasitiki, m'thumba la m'kati.

Kukula kwa chovala

Chovala cha mvula chimavalidwa pamwamba pa zovala zina, choncho poyesa muvale jekete limene mumayendera. Musayese mutaimirira chabe. Khalani pa mpando kapena pa njinga yeniyeniyo, pindani mawondo, tambasulani manja ngati mwagwira zogwirira. Mukatero manja a jekete afike pa mfundo za dzanja, msana usavundukuke, ndipo miyendo ya buluku iphimbe kumtunda kwa nsapato. Buluku limene likukwana bwino munthu ataimirira limakwera kufika pa katumba akakhala pa njinga, ndipo madzi amatsikira m'nsapato. Onaninso ngati lingavalike mutavala kale nsapato, popeza mvula ikakupezani panjira simudzafuna kuvula jombo m'matope.

Jekete ndi buluku zosiyana zimathandiza mlimi kuposa ovolosi ya mvula yolumikizana, chifukwa jekete lokha likhoza kugwiranso ntchito kumunda ndi kukhola, ndipo chimodzi chikang'ambika mumangogula chimenecho. Ovolosi imatchinga bwino m'chiuno, koma imavuta kuvala mofulumira ndipo imatenthetsa.

Chovala chachikulu mopitirira chili ndi ngozi yake. Chimakupiza ndi mphepo, chimatopetsa mapewa, ndipo chikakhudza paipi ya utsi chimasungunuka n'kumatirira pakhungu. Choopsa koposa ndi chovala cholendewera: chikhoti chachitali, chinsalu cha pulasitiki chovala pamutu chija, kapena chitenje cha wokwera kumbuyo. Chikakodwa mu tcheni kapena m'masipoko a gudumu la kumbuyo, chimakoka munthu n'kumugwetsa, ndipo chikakhala chozungulira khosi chikhoza kumupha. Alongo athu amene mumayendetsa kapena kukwezedwa, valani buluku la mvula, ndipo chitenje mukachimange pofika. Ambulera pa njinga yoyenda asagwiridwe konse.

Tikumbutsenso kuti chovala cha mvula chimatchinga madzi okha. Munthu akagwa pa tala, pulasitiki amang'ambika nthawi yomweyo. M'kati mwake muyenera kukhala jekete lolimba ndi buluku lokhuthala monga jinzi. Pofuna kufunda, juzi ya ubweya kapena ya fulisi iposa ya thonje, chifukwa thonje likanyowa limasunga madzi n'kumazizitsa thupi.

Manja, mapazi ndi mutu

Popeza ngozi ya mbale wathu uja inayambira m'zala, magolovesi asakhale chinthu chotsiriza kuganizira. Abwino ndi achikopa kapena ansalu yolimba okhala ndi kachikopa kotchinga madzi m'kati, ofika kupitirira mfundo za dzanja. Poyesa, fumbatani dzanja n'kutambasula zala ngati mukukoka buleki. Akakhala okhuthala moti simukumva chimene mwagwira, sakuyenera. Pa mvula, mkono wa jekete uphimbe golovesi, pakuti madzi amatsetsereka kuchokera paphewa kupita kudzanja, ndipo golovesi ikakhala pamwamba imasanduka chikho. Amene ndalama sizinakwane akhoza kuvala magolovesi oonda a ubweya, pamwamba pake n'kuvala a mphira atsopano ochapira, atayamba ayesa ngati saterereka pa zogwirira.

Jombo za mphira mlimi aliyense ali nazo, ndipo madzi sizilowa. Koma n'zofewa, sizigwira akakolo, ndipo zikakhala zazikulu zimavuka munthu akagwa. Ngati mukuyendera jombo, zikhale zokukwanani, zokhala ndi chidendene ndi mano akuya kunsi, ndipo muzipukuta matope musanakwere kuti phazi lisaterereke pa buleki. Nsapato zachikopa zofika pamwamba pa akakolo, zopakidwa polishi kawirikawiri, zimateteza bwino koposa, ndipo zingwe zake muzizilowetsa m'kati. Mwendo wa buluku ukhale kunja kwa nsapato nthawi zonse. Mapatapata ndi nsapato zoonekera zala si za pa njinga, kaya kuli mvula kaya kuli dzuwa.

Chisoti ndi lamulo la dziko kwa woyendetsa ndi wokwezedwa yemwe, ndipo a RTSA pamodzi ndi apolisi a pamsewu amayang'ana zimenezi. Pa mvula, chisoti chophimba nkhope yonse ndicho chabwino, popeza madontho amalasa ngati mchenga njinga ikathamanga, ndipo munthu amatsinzina mosafuna. Galasi lake likhale loyera, lopanda mikwingwirima. Galasi lakuda limachititsa khungu kukachita mitambo kapena kukada. Pofuna kuti mpweya wa m'kamwa usachite nkhungu pa galasi, litsekuleni pang'ono, kapena pakani kadontho ka sopo wamadzi wotsukira mbale kumbali ya m'kati n'kupukuta ndi kansalu kofewa. Galasi lafumbi muyambe mwalitsira madzi musanapukute, kuti mchenga usalikande. Pogula, funani chizindikiro cha chilembo E chokhala m'kabwalo pamodzi ndi nambala, chimene kawirikawiri chimasokeredwa pa lamba wa pachibwano, kapena chizindikiro cha DOT kumbuyo kwa chisoti. Chipewa cholimba cha omanga nyumba si chisoti cha njinga. Ndipo chisoti chimene chinamenyekapo pansi pa ngozi chatha mphamvu m'kati, ngakhale kunja kusakuoneka mng'alu.

Kuonekera pamsewu

Mvula ikamagwa, woyendetsa lole pa Great East Road amaona kudzera pa galasi lonyowa ndi m'nthunzi ya madzi ochokera ku magudumu a galimoto zina. Munthu wovala zakuda pa njinga yaing'ono amasowa m'maso mwake. Sankhani jekete lachikasu kapena la mtundu wa lalanje, lokhala ndi malamba onyezimira kumsana, pachifuwa ndi m'manja. Ngati muli nalo kale lakuda, gulani kajekete konyezimira kaja kopanda manja muzivala pamwamba. Katundu wa kumbuyo asaphimbe nyali yofiira, ndipo nyali ya kutsogolo iziyaka ngakhale masana.

Kugula pa salaula

Ambiri a ife timavala za salaula, ndipo pamenepo pamapezeka zovala zabwino za mvula kwa munthu wodekha. Tembenuzani chovalacho, mukande pang'ono utomoni wa m'kati ndi chikhadabo kuti muone ngati ukusendeka. Kokani timalamba ta pa misoko muone ngati tikumatukapo. Chiyang'anitseni ku dzuwa, pakuti timabowo timaonekera ndi kuwala. Tsekani ndi kutsekula zipi kangapo. Pomaliza pemphani wogulitsa kuti muthire madzi pang'ono pa msoko wa paphewa, mutapanga kachigwa ndi dzanja kunsi kwake, n'kudikira mphindi zingapo. Wogulitsa amene akudziwa katundu wake sakana. Mukafika kunyumba, valani zonse pamwamba pa malaya ouma, khalani pa mpando, wina akutsireni madzi ndi kheni yothirira mbewu. Pamene malaya anyowa ndi pamene pafunika chigamba, ndipo kuli bwino kudziwira zimenezi pabwalo pa nyumba kusiyana ndi kudziwira pakati pa dambo.

Zovala zopoperera mankhwala zikhale pazokha

Chenjezo ili likukhudza ife alimi mwapadera. Tawaona ena akuvala renikoti, jombo ndi magolovesi a mphira popopera mankhwala m'thonje kapena m'matimati, mawa lake n'kuvala zomwezo pa njinga. Mankhwala ophera tizilombo amatsalira pa pulasitiki ndi pa mphira, ndipo ambiri amalowa m'thupi kudzera pakhungu, makamaka khungu likanyowa ndi thukuta. Ulendo wa maola awiri m'chovala chotere ndi maola awiri a kumwa poizoni pang'onopang'ono, ndipo chizungulire chimene mankhwalawo amabweretsa chikhoza kukupezani muli pa liwiro. Wokwezedwa amene wakugwirani m'chiuno, kapena mwana amene wakuthamangirani pofika, amakhudzanso mankhwalawo. Zopoperera zikhale ndi msomali wake m'nyumba ya zida, zilembedwe chizindikiro, ndipo zisakwere njinga.

Kusamalira

Chovala chonyowa chisapindidwe n'kusiyidwa pansi pa mpando, chifukwa chimachita chuku ndipo utomoni umavunda. Mukafika, tsukani matope ndi madzi ozizira, chiyanikeni pamthunzi podutsa mphepo, kunja ndi m'kati momwe. Dzuwa lamphamvu limaumitsa pulasitiki n'kumuchititsa ming'alu, ndipo moto umamusungunula. Musachikwechese ndi burashi yolimba kapena kuchiviika mu sopo waufa wamphamvu. Petulo ndi oilo zimadya utomoni, choncho musachikulungire pamodzi ndi zipangizo. Dzinja likatha, chipachikeni pamalo ouma pamene makoswe safika. Ambiri a inu mumayenda pa Sabata kukatumikira ku mipingo ing'onoing'ono ya kutali. Pa Lachisanu, pokonzekera dzuwa lisanalowe, onjezani ntchito iyi: kuona kuti zovala za mvula zauma ndipo zili m'chikwama.

Ndalama zikachepa

Tikudziwa kuti miyezi ya kubzala ndi imene ndalama imasowa kwambiri pakhomo. N'chifukwa chake nthawi yabwino yogula zovala zimenezi ndi pogulitsa zokolola, pamene mukupatula chakhumi, ndalama ya sukulu ndi ya feteleza. Ngati simungathe kugula zonse pamodzi, yambani ndi chisoti, kenaka jekete ndi buluku la mvula, kenaka magolovesi, ndipo nsapato zachikopa zibwere pomaliza popeza jombo zilipo kale. Amene mumanyamula anthu, kumbukirani kuti wokwezedwayo moyo wake uli m'manja mwanu, ndipo chisoti chachiwiri ndi mbali ya mtengo wa ntchito yanu. Poyerekeza mtengo, ikani mbali ina ndalama ya zovalazo, mbali ina ulendo wa kuchipatala, kukonzetsa njinga, aganyu opalira m'malo mwanu, ndi matumba a chimanga amene udzu udzadya. Thupi ili tinapatsidwa kuti tilisunge monga akapitawo, mofanana ndi nthaka ndi ziweto, ndipo pakhomo pali anthu amene akulidalira.

Pomaliza, chovala chabwino chisakupatseni mtima wonyoza mvula. Mvula yoyamba imasakaniza fumbi ndi oilo pa tala, msewu n'kuterera ngati therere. Makande a m'dambo ndi katondo wonyowa amagwetsa ngakhale odziwa. Chepetsani liwiro, siyani mpata waukulu pakati pa inu ndi galimoto ya kutsogolo, ndipo gwirani buleki mofatsa. Mukayamba kunjenjemera kapena zala zikachita dzanzi, imani pa sitolo kapena pa khonde la munthu, mumwe madzi otentha, mupukute manja kufikira atamvanso. Kukachita ziphaliwali, bisalani m'nyumba, osati pansi pa mtengo. Mtsinje wosefukira pamwamba pa mlatho musauyese, dikirani madzi aphwe.

Amene muli pano pa maphunziro, bwerani ndi zovala zanu za mvula pa phunziro la zipangizo kuti tidzaziyese pamodzi ndi kheni. Amene muli kumidzi, chitani chimodzimodzi ndi anzanu a m'makalabu a ulimi mvula isanayambe. Ambuye akusungeni m'maulendo anu onse dzinja lino.